Absalom ndi Chala cha Vasilini

Mukamupeza Absalom Chiwaula m'mawa wa mwezi wa Januwale akupala madzi oundana pagalasi la galimoto yake ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, mukhoza kulumbira kuti m'nyumba mwake mulibe mkazi. Nkhope yotuwa mbuu, milomo yong'aluka, zala zokhakhala ngati za woumba njerwa. Komatu mkazi alimo, Keturah, namwino wodziwa kudzisamala, ndipo pashelefu ya kubafa kwawo pali mabotolo a mafuta odzola okwanira kwaya yonse ya kutchalitchi. Mukamufunsa Absalom chifukwa chake amayenda chonchi, amayankha mwachidule kuti ndi ntchito. Kwa zaka khumi ndi chimodzi yankho limeneli linali loona.

Ntchitoyo ili pafakitale ina kunja kwa Leicester, mbali ya ku Loughborough. Kumeneko amamanga makina aakulu ngati kontena, omwe amagulidwa ndi mafakitale a ku Taiwan ndi ku Germany opanga matchipi, tizidutswa tija timakhala m'kati mwa foni ndi kompyuta. M'mimba mwa makina aliwonse muli thanki yachitsulo yomwe amaipopa mpweya wonse mpaka osatsala kanthu, ndipo m'thankimo simufunika fumbi, tsitsi, thukuta, ngakhale kadontho ka mafuta. N'chifukwa chake amamangira m'chipinda chomwe amachitcha kilinirumu. Polowamo umavala chipewa, chotseka pakamwa, ovololo yoyera, majombo ansalu, magalasi ndi magolovesi awiriawiri, moti chotsala poyera ndi kachikopa kozungulira maso basi. Mafuta odzola ndi oletsedwa. Azungu lamuloli siliwavuta kwenikweni, koma munthu wakuda wosadzola m'chisanu cha ku England amaoneka ngati wagona paphulusa. Palinso malamulo ena awiri omwe aliyense amawaloweza tsiku loyamba. Ukakhudza nkhope, sintha magolovesi. Ukaona mnzako wakhudza nkhope, nena pomwepo, kaya ndi bwana, kaya ndi m'bale wako.

Absalom sanafike kumeneko ndi mapepala ambiri. Kumudzi ankakonza mafiriji ku Limbe, m'kashedi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, akusaka pomwe gasi akuthawira ndi thovu la sopo. Keturah atapeza ntchito ya unamwino kuno, iye anatsatira, ndipo kwa zaka zinayi anasambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba yowasamalira, osadandaula mokweza. Atalowa m'fakitale anapeza kuti ntchito ya ku Limbe ija yamutsatira, yangosintha malaya. Kuno m'malo mwa thovu amagwiritsa ntchito kampweya kopepuka kotchedwa hiliyamu. Umakapemerera pang'onopang'ono m'molumikizira zitsulo za thanki, ndipo pomwe pali kabowo makina oyezera amalira. Achinyamata a madigiri amapemerera ponseponse ngati akupopera udzudzu, kenako n'kuima manja m'chiuno. Absalom amayambira pamwamba kutsika m'munsi, chifukwa kampweyako kamakwera, ndipo amadikira kaye asanasunthe dzanja. Bowo lomwe ena alisaka tsiku lathunthu, iye amalipeza nthawi ya tiyi isanakwane.

Tsopano tinene za Dunstan, pakuti popanda iye nkhani palibe. Dunstan ndi mlongo wake wa Keturah, wamng'ono kwa Absalom ndi zaka khumi ndi zinayi. Anabwera kudzachita mastazi ku Nottingham, akugona m'kachipinda kachinyezi ku Hyson Green, ndipo atamaliza sukulu ntchito inasowa. Anakhala akunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, digiri ili m'chikwama. Absalom ndiye anapita kukamutenga pagalimoto ndi masutikesi ake awiri, namugoneka m'chipinda chaching'ono zaka ziwiri zathunthu. Absalom yemweyo anatenga mapepala a Dunstan kukawasiya m'manja mwa Mahira, mayi woyang'anira gulu lawo, ndipo anamuchemerera mlamu wakeyo monga sanadzichemererepo yekha. Atalembedwa, anamuphunzitsa zonse, kavalidwe, kagwiridwe ka sipanala, kapemereredwe ka hiliyamu, mpaka kusiya botolo la Vasilini kunyumba. Kuyambira masiku amenewo Dunstan analeka kunena kuti alamu. Ankati achimwene, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. Anthu ambiri kutchalitchi ankayesa kuti ndi a bere limodzi.

Chomwe chinawasiyanitsa ndi kapepala. Chaka chilichonse pafakitalepo pamakhala apurezo: amakupatsa fomu kuti ulembe wekha zomwe wachita bwino, n'kudzipatsa malikisi osapitirira asanu. Absalom fomu imeneyi ankaiona ngati msampha wokolera anthu osaleredwa. Kwawo mwana wonena pagulu kuti wakhoza ndi iye ankamuyang'ana ndi diso lija loti tikakumana kunyumba. Ndiye chaka ndi chaka ankadzipatsa malikisi atatu paliponse, ndipo pomwe afunsa zomwe wakwaniritsa ankalemba kuti gulu lonse linagwira ntchito bwino. Mahira anamuuzapo maso ndi maso kuti akuluakulu a kumtunda salowa m'kilinirumu, amangowerenga mafomu, ndipo fomu yake ikufotokoza munthu wamba. Absalom anamwetulira, nathokoza, chaka chotsatira n'kulembanso atatu. Mumtima ankati bwana ali ndi maso.

Dunstan analibe vuto limeneli. Fomu yake inkadzaza masamba awiri, mzere uliwonse ukuyamba ndi iye mwini. Sankanama ayi, ndipo apa ndiye pankawawira. Patangotha zaka zitatu anamukweza kukhala injiniya woperekeza makina, uja amakwera ndege kukawaika m'fakitale ya ogula ndi kuwayatsa koyamba. Anasamukira ku Wigston, m'nyumba ya kapinga kuseri. Pagulu la banja la pafoni panayamba kugwa zithunzi: Dunstan pabwalo la ndege, Dunstan akudya ndi timitengo, Dunstan atakolekera chiphaso m'khosi, nkhope ikunyezimira bwinobwino chifukwa paulendo palibe woletsa kudzola.

Absalom anachita nsanje. Tisazungulire, inali nsanje yeniyeni, ija imakudzutsa usanamve alamu ya wotchi. Chithunzi chilichonse ankachiyankha ndi kachizindikiro ka manja opemphera, kenako ali yekha m'galimoto ankachikulitsa ndi zala, akuyang'ana nsapato, wotchi, ngakhale mbale ya chakudya. Kutchalitchi amayi ankamuimitsa pakhomo kumufunsa kuti a injiniya ali dziko liti sabata ino, ngati kuti iye amagulitsa mandasi. Keturah naye, mosadziwa kuti akuthira tsabola pabala, ankawerenga mauthenga a mlongo wake mokweza pathebulo, mawu ndi mawu. Absalom ankatafuna pang'onopang'ono. Anayesapo kuipempherera nsanjeyo, koma pemphero likafika pa dzina la Dunstan linkasanduka mlandu, akufotokozera Mulungu yemwe anaphunzitsa mnzake kugwira sipanala.

Ndiye kunabwera mphekesera, ndipo mphekesera za pafakitale sizinama kawirikawiri. Akuluakulu ankafuna munthu woti akhale mkulu wa gulu loyesa makina, gulu la Absalom. Dzina lomwe linali m'kamwam'kamwa linali la Dunstan. Kunangotsala kuti akaike bwino makina atsopano omwe ankapita ku Taiwan, akabwerako n'kupatsidwa mpando. Absalom anaziwerengera yekha. Ndiye kuti tchuthi azikapempha kwa Dunstan. Fomu ya malikisi atatu ija azikaipereka kwa munthu yemwe ankagona pamatiresi ake akale, iye n'kuiwerenga, n'kugwedeza mutu mwachifundo. Chakudya chinaleka kukoma.

Tsiku lomanga katundu wa ku Taiwan kunabwera wojambula zithunzi, woti ajambule Dunstan ku kantini, chithunzicho chikaikidwe patsamba la kampani. Madzulo a dzulo lake Keturah anali atamuimbira mlongo wake, Absalom akumva, kumuchenjeza kuti chithunzicho chikafika kwa amayi ku Zomba, ndiye asayerekeze kukaima pamaso pa kamera ali mbuu ngati wamasiye. Dunstan anamvera mlongo wake. Anadzola Vasilini mosaumira, anajambulidwa akuwala, kenako anangopukuta nkhope ndi kapepala kofewa, chifukwa nthawi inali itatha, navala zoyera zija n'kulowa m'kilinirumu.

Makina anali atayesedwa kale, atakhoza zonse. Chinatsala ndi chitsulo chimodzi, mbale yotenthetsera yomwe imakhala m'kati mwa thanki, chapansi. Imeneyo amaitsuka payokha, n'kuikulunga m'matumba awiri apulasitiki, kuti akaimange atafika. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina kunyamula, wina kutsegula thumba ndi kusaina ngati mboni. Wonyamula anali Dunstan. Wotsegula thumba anali Absalom.

Magalasi a Dunstan anachita nthunzi. Anawakankhira m'mwamba ndi chala, chalacho n'kutsetsereka pakachikopa ka pansi pa diso. Sanamve n'komwe, maganizo anali kale pandege. Absalom anaona. Anaona kunyezimira pansonga ya golovesi, anaona dzanjalo likutsika, likulowa kunsi kwa mbale, mbali ya kumanja, pafupi ndi bawuti yachitatu. Mawu anali okonzeka, mawu awiri okha oti sintha magolovesi, omwe anawanenapo kambirimbiri kwa azungu ndi kwa amwenye, ngakhale kwa Mahira amene. Anakwera mpaka pakhosi, n'kuima pomwepo. Chotseka pakamwa chili ndi ubwino wake, palibe amaona kuti milomo yako yatseguka n'kutsekekanso. Absalom anatambasula thumba. Mbale inalowa, anamata thumba loyamba, anamata lachiwiri, ndipo anasaina dzina lake mwaukhondo ngati masiku onse.

Pobwerera kunyumba anadzitonthoza kuti mwina kamafutako n'kochepa, sikachita kanthu. Atadutsa maloboti awiri anadziuzanso kuti kakachita kanthu, munthu wa mastazi akapeza yekha, si paja analemba pafomu kuti amathetsa mavuto. Maganizo awiriwa anayenda nawo masabata atatu, akusinthanasinthana ngati nsapato.

Kamafutako kanachita kanthu. Makina anayaka bwino ku Taiwan, koma akangotenthetsa mbale ija, timbale topyapyala tomwe amadulapo matchipi tinkatuluka ndi madontho. Ogula anakwiya. Maimelo anayamba kuuluka, Mahira akuyenda ndi foni kukhutu, osayankha moni. Tsiku loyamba Absalom anamva kukoma, tisamubisire. Anadya nkhomaliro yake yonse, napemphanso bisiketi kwa mnzake. Tsiku lachiwiri kunakomabe, koma pang'ono. Tsiku lachitatu Keturah anabwera kuchokera kuntchito maso ali ofiira, nanena kuti Dunstan sakudya, sakugona, ndipo akuti mwina amuchotsa ntchito.

"Bambo a Michelle, simungamuimbire? Inu zinthuzi mumazidziwa."

Absalom anayankha kuti kumeneko kuli akatswiri, iye ndani. Anazinena akuyang'ana pa TV.

Foni inalira m'mawa wa tsiku lachisanu, ali poimika magalimoto pafakitale, asanazimitse injini. Ku Taiwan n'kuti ali masana. Absalom anali atakonzeka kale, chifukwa ankadziwa kuti foniyi ibwera. Anakonza zoti ayamba ndi mafunso, afunse za mapampu, za mapaipi, akhale chete ngati akuganiza, kenako azimuyendetsa pang'onopang'ono mpaka akafike pa mbale ngati mwangozi. Koma sanakonzekere mawu omwe anamva. Anali mawu a Dunstan wa ku Hyson Green uja, wa masutikesi awiri.

"Achimwene, ndasitaka. Tatcheka mapampu, tatcheka mapaipi a gasi. Hiliyamu ndapemerera kuyambira pamwamba mpaka pansi, mmene munandiphunzitsira muja, katatu konse. Palibe bowo. Mawa kuli mitingi, akuti akansela oda. Achimwene, ndithandizeni, mutu wanga waima."

Mafunso onse aja anathawa. Absalom anangomva pakamwa pake pakuyankhula.

"Masula mbale yotenthetsera, uitembenuze. Uyang'ane kunsi, mbali ya kumanja, pafupi ndi bawuti yachitatu. Pali mafuta."

Patali kunkamveka phokoso la mapampu a dziko la eni. Makina amenewo ali ndi zitsulo mazanamazana, ndipo munthu woganizira chabe satchula bawuti. Onse awiri ankadziwa zimenezi, pakuti wina anaphunzitsa mnzake.

"Pafupi ndi bawuti yachitatu," anatero Dunstan, pang'onopang'ono.

"Eya."

"Chabwino."

Patatha maola atatu kunabwera chithunzi. Mbale ili chotembenuza pansi pa nyali younikira mafuta, ndipo pafupi ndi bawuti yachitatu pali kachidindo kozungulira, kukula kwake ngati nsonga ya chala. Pansi pa chithunzicho panalibe mawu alionse, ngakhale manja opemphera.

Makina anachira, oda sinakanselidwe. Absalom anadikira kuitanidwa, ndipo patapita sabata ziwiri Mahira anamuitanadi. Analowa muofesi akuganiza za momwe akafotokozere Keturah. Koma Mahira anali kumwetulira, atagwira lipoti la Dunstan. M'menemo Dunstan analemba kuti anadzola mafuta ndi iye, anaphwanya lamulo ndi iye, ndipo sakuona kuti ndi woyenera mpando wa mkulu wa gulu. Kenako panali masamba awiri athunthu onena za Absalom Chiwaula: makina onse omwe anawapulumutsa, anthu onse omwe anawaphunzitsa, masiku ake ndi zaka zake, mpaka vuto la ku Taiwan lomwe analithetsa pafoni m'mphindi imodzi, akatswiri atalephera masiku anayi. Mzere uliwonse unali woona. Panangosowa mzere umodzi. Mahira anati wakhala akudikira zaka zambiri kuti wina alembe zomwe mwini wake amakana kulemba, ndipo akuluakulu awerenga, avomera. Mpando ndi wa Absalom. Absalom anatsegula pakamwa, ndipo ulendo uno panalibe chotseka, koma chomwe chinatuluka ndi zikomo.

Lamlungu lotsatira Keturah anaphika mpunga ndi nkhuku ziwiri, naitana anthu a kutchalitchi kudzasangalala. Amayi aja ankafunsa za a injiniya tsopano ankamuwombera m'manja Absalom, akuti odzichepetsa Mulungu amawaona. Dunstan anafika mochedwerapo, atawonda, atanyamula bokosi la timakeke ta chinanazi ta ku Taiwan. Anapatsa Michelle, mwana wa m'nyumbamo, yemwe anathokoza m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. Anaseka ndi alendo, anadya, anapempherera nawo mpando watsopano maso ali chotseka. Pochoka, Absalom anamuperekeza mpaka pagalimoto, panja pakuwomba kamphepo kobaya m'makutu.

"Dunstan, za mbale ija."

Dunstan anatsegula chitseko, naika jekete pampando wakumbuyo, osafulumira.

"Ndinadzola ndine, ndinagwira ndine. Zimenezo ndinalemba." Anamuyang'ana m'maso, mopanda mkwiyo, ngati mmene umayang'anira munthu wokhala naye pafupi m'basi. "Zotsalazo n'zanu. Mafuno abwino pa mpando, alamu."

Absalom akanakonda mbama. Anaima pamsewu mpaka galimoto inakhota, ndipo atalowa m'nyumba Keturah anamufunsa ngati wasiya chitseko chotsegula, chifukwa kukuzizira.

Papita chaka tsopano. Dunstan akuperekezabe makina, ndipo akakumana ndi vuto amaimba foni, chifukwa ndiyo ndondomeko ya kampani. Amapereka moni mwaulemu, kufotokoza vuto, kuthokoza, n'kudula. Sanauze munthu aliyense, ngakhale mlongo wake. Keturah anafunsapo kamodzi kuti mawu aja oti achimwene anathera kuti, Absalom n'kuyankha kuti mwana wakula. Pa apurezo ya chaka chino, fomu ya Dunstan inafika pathebulo la Absalom, yolembedwa mizere inayi yokha, malikisi atatu paliponse. Absalom anakhala nayo masana onse, akuitembenuza.

Mpando watsopanowu ndi wa muofesi. M'kilinirumu amalowamo Lachinayi lokha, masiku enawo palibe lamulo lomuletsa kudzola. Keturah anamugulira kabotolo ka Vasilini n'kumuikira m'galimoto, kuti bwana asamaoneke ngati wosasamalidwa. Kabotoloko kakadali m'kabokosi ka kutsogolo, pamodzi ndi chopalira madzi oundana, chivindikiro chake chosamatula.